CIKOMEKOME CA MKUYU, MKATI MULI NYERERE

Munthu woyenda pa mseu waukulu wa Great East Road kucokera ku Lusaka kulowera ku mlatho wa Luangwa, akapyola Chongwe ndi Chinyunyu nalowa m'dziko la a Mfumu Mpanshya m'boma la Rufunsa, amaona malonda a mitundu iwiri m'mphepete mwa mseu. Pena pali matumba a makala, nthoci, mbatata, mtedza, mazira, nkhuku za m'mudzi, ndiponso masau ndi masuku pa nyengo yake. Pena pali tuntemba todzaza ndi timapaketi tonyezimira ta majigisi, mabisiketi, maswiti ndi noodles, pamodzi ndi mabotolo a zakumwa zofiira, zacikasu ndi zobiriwira. Malonda oyambawo amakwera magalimoto kupita ku tauni. Aciwiriwo amatsika m'magalimoto ocokera ku tauni nalowa m'midzi.

Mai wa m'mudzi amagulitsa mazira a nkhuku zake kwa apaulendo, ndipo ndalama imene wapeza amagulira mwana wake paketi ya majigisi ndi botolo la cakumwa cofiira. Bambo amene wagulitsa makala amabwera kunyumba madzulo atanyamula mabisiketi ndi masoseji, banja lonse nilikondwera poganiza kuti lero ladya monga anthu a m'tauni. Palibe amene amacita zimenezi ndi mtima woipa, pakuti onse amafuna kusangalatsa ana ao. Koma zoona zake ndi zakuti banja lotere latulutsa m'nyumba cakudya comanga thupi, ndi kulowetsamo cakudya cimene, cikamadyedwa masiku onse, cimaitana matenda.

Kwa zaka zambiri anthu akhala akuganiza kuti matenda a shuga ndi matenda othamanga magazi, amene ambiri amangowachula kuti BP, ndi matenda a mabwana a ku Kabulonga oyenda pa galimoto. Maganizo amenewo anatha nchito. Mseu wa tara, ndalama za makala ndi za golide, ndiponso kuchipa kwa zakudya za m'mapaketi, zafikitsa kadyedwe ka m'tauni pa khomo peni peni pa mlimi. Koma zipatala zazikulu ndi ndalama zocizira matenda obwera ndi kadyedweko zatsala ku tauni komweko. Ici ndico cifukwa cake munthu wa ku Mpanshya ayenera kucenjera ndi zakudya zimenezi kuposa munthu wa ku Lusaka.

KODI ZAKUDYA ZIMENEZI NDI ZOTANI?

Kukonza cakudya kuti cikhalitse si cinthu coipa. Kuyambira kale makolo akhala akusinja ndi kugaya cimanga, kufutsa ndiwo zamasamba kuti zikhale mfutso wa m'cilimwe, kuwamba nsomba ndi nyama, kuyanika bowa, ndi kuphika munkoyo ndi thobwa. Ngakhale zakudya zina zocokera ku fakitale, monga ufa wa m'thumba, mkaka wowiritsidwa wa m'paketi ndi nsomba za m'citini, zimakhalabe cakudya cimene munthu angacizindikire ndi maso. Nkhani ino sikunena za zimenezo.

M'caka ca 2009, Carlos Monteiro, katswiri wa za kadyedwe pa yunivesite ya São Paulo m'dziko la Brazil, anayamba kuphunzitsa kuti pofuna kudziwa ubwino wa cakudya, ndi bwino kuyang'ananso mmene cakudyaco capangidwira. Iye ndi anzake anagawa zakudya m'magulu anai, ndipo kagawidwe kao kamachedwa NOVA. Gulu loyamba ndi la zakudya zimene zili monga zinacokera ku munda, ku khola kapena ku mtsinje, kapena zangosinjidwa ndi kuyanikidwa. Gulu laciwiri ndi la zinthu zophikira, monga mcere, shuga ndi mafuta. Gulu lacitatu ndi la zakudya zopangidwa pophatikiza magulu awiri oyambawo, monga buledi wamba wa ufa, madzi, mcere ndi yisiti. Gulu lacinai ndi la zakudya zokonzedwa mopyola muyeso m'mafakitale, zimene pa Cingerezi amazicha ultra-processed foods.

Kapangidwe ka gulu lacinai kali motere. Cimanga, tirigu, soya kapena nzimbe zimaphwanyidwa ndi makina mpaka kutsala ufa woyera, madzi a shuga kapena mafuta okha, gaga ndi mtima wa njere zitacotsedwa. Kenaka zotsalazo zimasakanizidwa ndi mcere wambiri, shuga wambiri, mafuta, utoto, zonunkhiritsa ndi mankhwala oletsa kuwola, ndipo zimaumbidwa kuti zikhale zofewa, zokoma pakamwa ndi zokhala miyezi yambiri pa alumali osaonongeka. Pa paketi pamajambulidwa ng'ombe, nkhuku kapena lalanje, koma kawirikawiri mkatimo mumangokhala fungo lake lopangidwa ndi mankhwala.

Njira yozindikirira zakudya zotere ndi yapafupi. Mwana wa sukulu awerenge mndandanda wa zimene zasakanizidwa, wolembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono kuseri kwa paketi. Ngati mndandandawo uli wautali, ndipo uli ndi maina ndi manambala a zinthu zimene sizipezeka m'khichini la mai aliyense wa ku Mpanshya, cakudyaco ndi ca gulu lacinai.

ZIMENE AKATSWIRI APEZA

M'caka ca 2019, Kevin Hall ndi anzake a ku National Institutes of Health m'dziko la America anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anadabwitsa madokotala ambiri. Anthu akulu 20 anakhala m'cipatala ca kafukufuku kwa milungu inai. Kwa milungu iwiri anali kupatsidwa zakudya za gulu lacinai, ndipo kwa milungu iwiri ina anali kupatsidwa zakudya zophikidwa kucokera ku zinthu zacibadwa. Mbale za mitundu iwiriyo zinalinganizidwa kuti zikhale ndi shuga, mafuta ndi mcere wofanana, ndipo munthu aliyense anauzidwa kudya mmene afunira.

Pa milungu ya zakudya za m'fakitale, anthuwo anadya makalori pafupifupi 500 oonjezera tsiku lililonse. Kalori ndi muyeso wa mphamvu ya m'cakudya, ndipo makalori 500 ndi ofanana ndi mphamvu imene ili mu kapu imodzi yodzaza ufa wa cimanga. M'milungu iwiri yokha, anthuwo analemera ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Pa milungu ya zakudya zacibadwa, anthu omwewo anatsika ndi pafupifupi kilogalamu imodzi, popanda wowauza kuti acepetse kudya.

Cimodzi mwa zifukwa zake ndi cakuti zakudya za m'fakitale ndi zofewa, sizifuna kutafuna, ndipo zimamezedwa msanga mimba isanauze mutu kuti yakhuta. Aliyense wa kumudzi angayese yekha. Munthu wotafuna nzimbe amatopa nsagwada asanamwe shuga wambiri, koma botolo la cakumwa cotsekemera limatha m'kanthawi kocepa, ludzu nkukhalapobe. Mwana amene wadya cimanga cimodzi coocha amakhala wokhuta mpaka masana, pamene wodya majigisi amapempha paketi ina asanataye n'komwe yoyamba.

M'caka ca 2024, magazini ya madokotala ya ku Britain yochedwa BMJ inasonkhanitsa zofufuza zambiri zokhudza anthu pafupifupi 10 miliyoni. Inapeza kuti kudya kwambiri zakudya za gulu lacinai kumayendera limodzi ndi mabvuto 32 a umoyo. Ena mwa mabvutowo ndi matenda a mtima, matenda a shuga, kunenepa kopyola muyeso, kubvutika maganizo ndi kufa msanga. Izi zisanacitike, m'caka ca 2015, nthambi yofufuza za khansa ya Bungwe la Zaumoyo la Dziko Lonse, la WHO, inalengeza kuti nyama zokonzedwa ndi mcere ndi mankhwala, monga masoseji ndi poloni, zimayambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo kudya magalamu 50 tsiku lililonse kumakweza ciopsezo ca khansayo ndi magawo 18 pa 100.

Bungwe lomwelo limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 50 a shuga woonjezera pa tsiku, amene ndi timasupuni ta tiyi pafupifupi 12, ndipo likuti kutsika mpaka timasupuni 6 ndiko kwabwino koposa. Zakumwa za gasi zodziwika bwino zimakhala ndi shuga wokwana magalamu 10 kapena kuposerapo m'mamililita 100 alionse. Motero botolo limodzi la theka la lita limamaliza muyeso wa tsiku lonse la munthu wamkulu, koma botolo lomwelo limapatsidwa kwa mwana wa zaka zisanu. Za mcere, muyeso wake ndi wosafika magalamu 5 pa tsiku, kapena kuti kasupuni kamodzi ka tiyi. Paketi imodzi ya noodles pamodzi ndi kathumba kake kokometsera kawirikawiri imakhala ndi theka la muyeso umenewo, ndipo nthawi zina imapyola.

Kunena mwacilungamo, bisiketi imodzi ya pa ukwati kapena botolo limodzi la pa Khirisimasi silinaphepo munthu. Coopsa cili pa cizolowezi, pamene zakudya zimenezi zadyedwa tsiku ndi tsiku mpaka kulanda malo a phala, ndiwo ndi zipatso.

MMENE ZINTHU ZILILI MUNO M'ZAMBIA

M'caka ca 2017, Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi WHO unacita kafukufuku wochedwa STEPS pakati pa anthu a zaka 18 mpaka 69 m'dziko lonse. Unapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse anali ndi magazi othamanga, mmodzi mwa anai anali wolemera kupyola muyeso, ndipo 6 pa 100 alionse anali ndi shuga wokwera m'magazi. Mcere umene munthu mmodzi anali kudya pa tsiku unali magalamu 9.5, kumene kuli pafupifupi kuwirikiza kawiri muyeso woyenera. Anthu 9 mwa 10 alionse sanali kudya zipatso ndi ndiwo zamasamba zokwanira, m'dziko limene bonongwe amamera yekha kuseri kwa nyumba.

Pa nthawi yomweyo, njala ya ana sinathe. Kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, kutanthauza kuti msinkhu wao unali waufupi poyerekeza ndi zaka zao cifukwa cosowa cakudya coyenera. Kafukufuku wa 2024 anapeza ana 32 pa 100. Cotero m'nyumba imodzi mungapezeke mwana wopinimbira ndi mai wake wodwala BP, ndipo mabvuto awiriwa amakumana pa mbale imodzi, mbale imene ili ndi ufa woyera, shuga, mcere ndi mafuta, koma ilibe mtedza, nyemba, mazira, kapenta ndi masamba.

Tsono taganizirani za mlimi wa ku Mpanshya amene wagwidwa ndi matenda otere. Malungo amacizidwa ndi mankhwala a masiku atatu, munthu nabwerera ku munda. Shuga ndi BP sizitero, pakuti zimafuna mankhwala ndi kupimidwa kwa moyo wonse. Cipatala ca St. Luke's ku Mpanshya cimathandiza anthu a dera lalikulu, ndipo ambiri amafikako atayenda mtunda wautali wapansi kapena pa njinga. Ulendo umenewo wodwala shuga amauyenda mobwerezabwereza, dzinja ndi cilimwe comwe. Ngati afunika jekeseni ya insulin, ayenera kuisunga pamalo pozizira m'nyumba yopanda magetsi. Impso zikafooka, makina osefa magazi akawapeza ku Lusaka, monga ku University Teaching Hospital, mtunda wa makilomita oposa 150. Wodwala khansa amatumizidwa ku Cancer Diseases Hospital mumzinda womwewo.

Ulendo wa ku Lusaka umafuna ndalama za basi ya anthu awiri, wodwala ndi womudwazika, ndiponso za cakudya ndi malo ogona. Mbuzi zimagulitsidwa, kenaka ng'ombe yolimira. Bambo akafa ziwalo mbali imodzi cifukwa ca BP pa nyengo ya mvula yoyamba, munda umagona caka conse, ndipo ana amasiya sukulu kuti akaoche makala. Umu ndi mmene cakumwa cochipa cimasandukira ngongole ya banja lonse.

ANA NDIWO ALI PATSOGOLO

Mimba ya mwana wamng'ono ndi yocepa ngati nkhonya yake. Ikadzaza ndi majigisi ndi madzi a shuga, malo a phala sakhalaponso. Mai amadandaula kuti mwana akukana kudya, osadziwa kuti mwanayo wakhuta cakudya copanda kanthu. Lilime lozolowera mcere ndi shuga wa m'paketi limayamba kuona nkhwani wotendera ngati wosakoma, ndipo cizolowezi cimene mwana watenga asanayambe sukulu amakula naco. Mano nawo amabooka akadali a mkaka. Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba.

Malangizo a WHO ndi akuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi yoyamba. Malangizo a bungwelo a caka ca 2023 akuonjezera kuti ana a miyezi 6 mpaka 23 asapatsidwe zakumwa zothira shuga, ndiponso zakudya za shuga ndi mcere wambiri. Koma m'mabasi ndi m'misika, si cacilendo kuona khanda la kumbuyo likuyamwa botolo la cakumwa cofiira kuti lileke kulira.

Kuyambira mu January 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu, ana ambiri alowa m'makalasi, ndipo ici ndi cinthu coyamikika. Koma pamene pali ana ambiri, ogulitsa nawo amasonkhana. Kakobiri kamene kholo lapatsa mwana m'mawa kamathera pa cipata ca sukulu, pa maswiti ndi timadzi tozizira ta utoto. Mwanayo amalowa m'kalasi milomo ili yofiira, ndipo ora lisanathe njala yabweranso.

Pali cinthu cinanso cimene cimasokoneza makolo. Kuyambira m'caka ca 1998, lamulo la dziko lino limafuna kuti shuga wogulitsidwa kwa anthu athiridwe vitamini A. Lamulo limeneli linapangidwa kuti liteteze maso ndi thanzi la ana, koma silinasandutse shuga kukhala mankhwala. Vitamini yomweyo imapezeka m'mapapaya, m'mango, m'maungu, m'mbatata zofiira mkati ndi m'masamba obiriwira, popanda kuononga mano.

MAU A OTSUTSA

Ena adzati nkhani ya zakudya za m'mapaketi ndi ya anthu okhuta, pakuti bvuto leni leni la kumudzi ndi njala. Adzakumbutsa za cilala ca 2024, pamene Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 February kuti dziko lili pa ngozi, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa. Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo munthu wanjala sasankha. Komabe pa nthawi ya njala ndi pamene kwacha iliyonse iyenera kugula cakudya ceni ceni. Ndalama imene ingagule timapaketi tingapo ta majigisi, amene mbali yaikulu ndi mpweya, ingagule dzira kapena kambale ka mtedza kapena ka kapenta, zimene zimamanga thupi la mwana.

Ena adzati noodles zimapsa msanga, ndipo mai amene wacokera ku munda atatopa, nkhuni zili kutali, alibe mphamvu yophika nyemba kwa maora atatu. Izinso ndi zoona, ndipo abambo amene amadzudzula akazi ao pa nkhaniyi ayambe athandiza kutola nkhuni ndi kutunga madzi. Nyemba zikaviikidwa m'madzi usiku zimapsa msanga. Mtedza ukasinjidwa wambiri tsiku limodzi umatendera ndiwo za masiku angapo. Dzira limapsa mofulumira ngati noodles zomwezo.

Enanso adzati mwini kantemba amaphunzitsa ana ake ndi phindu la malonda amenewa, ndipo mafakitale amalemba anthu nchito ndi kulipira msonkho. Palibe amene akunena kuti tuntemba titsekedwe. Koma mwini kantemba angagulitsenso mazira owiritsa, mtedza wokazinga, nthoci, mbatata zophika ndi thobwa. Phindu la majigisi lalikulu limabwerera ku tauni pa galimoto yomwe inawabweretsa, pamene ndalama ya mtedza wokazinga imatsala m'manja mwa mlimi wa m'mudzi momwemo.

Ndi bwinonso kunena poyera kuti cakudya ca kunyumba naco cingadwalitse. Gawo lina la mcere umene kafukufuku anapeza limathiridwa mumphika ndi dzanja la wophika. Tiyi wa timasupuni tisanu ta shuga, munkoyo wothira shuga wambiri ndi ndiwo zosambira m'mafuta sizisiyana kweni kweni ndi za m'paketi. Mtedza ndi cimanga zogwidwa ndi cuku zili ndi poizoni wochedwa aflatoxin amene amaononga ciwindi, ndipo anthu akumbukira kuti mu August 2024 Unduna wa Zaumoyo unacenjeza za poizoni ameneyu mu ufa wina wa cimanga, agalu ambiri atafa. Mtedza wotendera phala la mwana uyenera kukhala wouma bwino ndi wosankhidwa.

Pomaliza pa mbali imeneyi, cakudya ca mtedza ca m'timapaketi cimene a cipatala amapatsa ana onyenchera ndi mankhwala opulumutsa moyo. Kholo lisacikane ponena kuti ndi ca m'fakitale, ndipo lisacigawire ana ena kapena kucigulitsa.

ZOYENERA KUCITA

Nchito yoyamba ili pa banja. Mai ndi bambo asanapite ku mseu kukagulitsa, ayambe apatula mazira, mtedza, nyemba ndi zipatso za ana ao, ndipo zotsala ndizo zipite ku malonda. Phala la mwana lithiridwe nsinjiro, dzira kapena kapenta wosinja. Mwana wopita ku sukulu anyamule mbatata yophika, cimanga, nthoci kapena mtedza wokazinga ndi botolo la madzi abwino, m'malo mwa kakobiri. Ufa wa mgaiwa, umene ena amaunyoza kuti ndi wa amphawi, uli ndi gaga ndi mtima wa cimanga zimene ufa woyera ulibe. Agogo, amene amakonda kunyengerera adzukulu ndi maswiti, awanyengerere ndi masau, masuku ndi malambe monga anali kucitira makolo ao.

Munthu wamkulu aliyense akapita ku cipatala apemphe kupimidwa BP, ngakhale asakumva kupweteka kulikonse, pakuti matendawa amakhala zaka zambiri osadziwika. Amene amamva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kuonda mosadziwika bwino kapena ali ndi cilonda cosapola, apimitse shuga msanga. Amene anayamba kale mankhwala asaleke cifukwa cakuti asintha kadyedwe, koma atsate mau a dokotala.

Nchito yaciwiri ili pa masukulu. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi ili ndi mphamvu yogwirizana ndi ogulitsa za zimene ziloledwe pa cipata ca sukulu. Minda ya pasukulu, imene akulu ambiri a lero anaphunziramo kulima ali ana, ingabzalidwe ndiwo zamasamba, nyemba ndi mitengo ya mapapaya kuti ana adye zimene alima okha.

Nchito yacitatu ili pa mafumu, nyakwawa ndi atsogoleri a mipingo. Pa misonkhano, pa maukwati ndi pa maliro, ulemu wa mwini mwambo wayamba kuyezedwa ndi kuculuka kwa makireti a zakumwa. Nyakwawa ikalandira alendo ndi munkoyo kapena thobwa popanda manyazi, anthu ake adzaleka kuganiza kuti cakumwa ca makolo ndi cizindikilo ca umphawi.

Nchito yacinai ili pa Boma, ndipo poyambira palipo kale. Bungwe la National Food and Nutrition Commission lakhala likugwira nchito kuyambira m'caka ca 1967. M'caka ca 2019 Boma linayamba kulipiritsa msonkho wa 30 ngwee pa lita iliyonse ya zakumwa zosaledzeretsa za m'mafakitale. M'caka ca 2021 Unduna wa Zaulimi mothandizana ndi bungwe la FAO unatulutsa malangizo a kadyedwe a dziko lino, amene amalimbikitsa anthu kudya zakudya za magulu osiyanasiyana tsiku lililonse ndi kucepetsa za shuga, mcere ndi mafuta ambiri. Malangizo amenewa ayenera kufika ku Mpanshya m'Cinyanja ndi m'Cisoli, kudzera pa wailesi, pa sikelo ya ana ndi m'misonkhano ya alangizi a zaulimi. Ndi koyeneranso kuti gawo la msonkho wa zakumwa ligule makina opimira BP ndi shuga a tizipatala ta m'midzi.

Maiko ena aonetsa njira. M'caka ca 2016, dziko la Chile linalamula kuti paketi iliyonse ya cakudya ca shuga, mcere kapena mafuta opyola muyeso ikhale ndi cizindikilo cakuda kutsogolo kwake, ndipo linaletsa kugulitsa zakudya zotere m'masukulu. Cizindikilo cotere cingathandize kwambiri kuno, kumene mapaketi amalembedwa m'Cingerezi ndi zilembo zimene agogo sangazione. M'caka ca 2009, dziko la Brazil linakhazikitsa lamulo lakuti magawo osacepera 30 pa 100 a ndalama za Boma zodyetsera ana m'masukulu agule cakudya kwa alimi ang'onoang'ono. Lamulo longa limeneli likanapatsa mlimi wa mtedza ndi nyemba wa ku Rufunsa msika pa sukulu ya pafupi ndi kwao. Ndipo amene akuganiza kuti Boma silingalimbane ndi malonda ochuka akumbukire caka ca 2012, pamene mowa wa m'timapepala wochedwa tujilijili unaletsedwa cifukwa coononga acinyamata.

Koma malamulo amatenga nthawi, ndipo mwana amene ali pa msana lero sadzadikira Nyumba ya Malamulo kuti akule. Dziko la a Mfumu Mpanshya lili ndi mtedza, nyemba, maungu, mbatata, nkhuku, mbuzi, bowa wa m'dzinja, zipatso za m'thengo ndi nsomba zouma za ku mlatho wa Luangwa. Anthu a ku Lusaka amaimitsa magalimoto ao m'mbali mwa mseu kuti agule zinthu zimenezi, pakuti akudziwa ubwino wake. Mlimi amene wazilima ndi thukuta lake ayambe wadyetsa ana ake, asanazipereke kwa apaulendo posinthana ndi paketi yonyezimira.